Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: dokotala wa mawa asawerengere pa foni yosweka

Olemekezeka a Nduna, a Douglas Syakalima,

Ndikulemba kuchokera ku Nyimba, kumene mabasi a pa Great East Road amaima kuti apaulendo agule nthochi. Ndalama ya nthochi zimenezo yaphunzitsa ana ambiri kuno. Mmodzi mwa iwo ndi mwana wa mlongo wanga, amene ali m'chaka chachitatu cha udokotala ku Lusaka. Sukulu yake sinditchula, chifukwa vutoli si la sukulu imodzi.

Ndiyambe ndi kuthokoza, kuopa munganene kuti anthu a kum'mawa sitiyamika. Ndalama ya chakudya imene ophunzira analandidwa mu 2019 inabwerera mu 2023. Zikomo. Mimba yakhuta. Nanga chowerengera?

Kuchokera mu March 2020, pamene korona anatseketsa masukulu, maphunziro anasamukira pa intaneti ndipo sanabwerenso onse. Manotsi amabwera pa WhatsApp. Buku la za thupi la munthu, lochindikala ngati njerwa, limabwera pa PDF. Kafukufuku amafuna wotayipa. Mwana wathuyu kwa zaka ziwiri ankatsata mitsempha ya m'dzanja pa kagalasi kong'aluka ka foni, akukulitsa ndi zala, kenaka kudikira kuti mnzake wa m'chipinda agone kuti abwereke laputopu. Amene anakulira ku Kabulonga, kwa anthu olemera ku Lusaka, anafika nayo tsiku loyamba. Mayeso amalemba amodzi.

Tinafunsa mtengo wa laputopu yakale, yogwiritsidwapo ntchito: K6,600. A Nduna, tiwerenge limodzi. Mu 2024 bungwe la boma logula mbewu la FRA linkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K330. Ndiye kuti matumba 20. Chaka chomwecho, pa 29 February, a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chagwetsa dziko m'tsoka. Ndani ku Nyimba kapena ku Petauke anali ndi matumba 20 oti agulitse? Nkhokwe zinali pululu. Tinagulitsa ng'ombe yolimira, imodzi mwa ziwiri, pa mtengo wa munthu wosowa pogwira. Laputopu itafika, madzi ku damu la magetsi la Kariba anali atatsika, malaiti akuzima pafupifupi tsiku lonse, batire yakeyo yosafika ngakhale ola limodzi. Wakale ndi wakale basi.

Ndalama m'boma simukusowa, timamva pa wailesi. Ndalama ya chitukuko ya CDF inachoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 inafika pa K36.1 miliyoni pa chigawo chilichonse cha phungu. Imalipirira ana a kusekondale yogonera komweko ndi ophunzira ntchito zamanja. Nzabwino ndithu. Koma mwana amene wapambana onsewo, wakalowa udokotala, makolo ake azionera okha.

Chondiseketsa, ngati n'koseketsa, n'chakuti boma lomweli likufuna kuti mbiri ya odwala izilembedwa pa kompyuta kudzera mu SmartCare. Boma linalemba ntchito azaumoyo oposa 11,000 mu 2022. Chipatala cha Kalindawalo chaima ku Petauke, cha Minga chikudikira, chipatala chathu cha Nyimba chimalandira ovulala pa ngozi za m'mapiri a ku Luangwa. Mukufuna dokotala wodziwa kompyuta, koma kompyutayo aitole kuti? Mwina ilipo mbewu yake, mutiuze tibzale m'dimba pambali pa nthochi.

Sitikupempha chaulere. Lamulo la 2016 linakhazikitsa bungwe la HELSB kuti lizikongoza ophunzira, ndipo ngongoleyo amabweza akayamba ntchito. Ikanimo laputopu m'ngongolemo kwa aliyense wolowa udokotala, unamwino ndi maphunziro ena azaumoyo. Boma ligule zambiri nthawi imodzi, mtengo utsike, mwana alandire chaka choyamba. Adzabweza ndi malipiro ake, osati ndi ng'ombe ya amalume.

Mvula yayandikira, a Nduna, ndipo goli lathu lili ndi ng'ombe imodzi. Mng'ono wake wa mwanayu ali kusekondale, naye akuti akufuna udokotala. Chonde tiyankheni asanalembe mayeso.

Ine wanu,
Kholo la ku Nyimba