Zimbalangondo ku Băile Tușnad

Băile Tușnad ndi tawuni yaing'ono ya m'chigawo cha Harghita m'dziko la Romania. Ili m'chigwa cha mtsinje wa Olt, pakati pa mapiri a Carpathian, ndipo anthu ake sakwana 2,000. Alendo amapitako kukasamba madzi a m'akasupe, koma m'zaka zapitazi tawuniyi yatchuka chifukwa cha zimbalangondo zomwe zimatuluka m'nkhalango n'kumayenda m'misewu ndi m'makomo mwa anthu.

Gwero la vutoli

Kupatula Russia, palibe dziko la ku Ulaya lomwe lili ndi zimbalangondo zofiirira zambiri kuposa Romania. Mu 2016 boma linaletsa kuzisaka ngati masewera. Mu 2025 unduna wa zachilengedwe unalengeza kuti kafukufuku wa DNA wapeza kuti zilipo zoposa 10,000. Alimi ndi alenje amati zachulukitsa ndipo njira ndi kuzipha basi.

Komabe chomwe chimakokera chimbalangondo m'tawuni ndi chakudya. Nyamayi imanunkhiza patali, ndipo nyengo yozizira ikamayandikira imadya kwambiri kuti inenepe isanakagone miyezi ingapo kuphanga. Ikapeza bini ya zinyalala yosatseka, mitengo ya zipatso kapena ming'oma ya njuchi, mawa imabweranso. Yaikazi imabwera ndi ana ake, ndiye anawo amakula osaopa munthu. Alendo ena amaziponyera zakudya ali m'galimoto kuti ajambule zithunzi, ngakhale lamulo limaletsa. Mu Julaye 2025 mlendo wa ku Italy anaphedwa ndi chimbalangondo m'mbali mwa msewu wa Transfăgărășan, komwe khalidweli ndi lofala.

Zomwe tawuniyi yachita

Akuluakulu a tawuni, mothandizana ndi bungwe la WWF, anaika mabini omwe chimbalangondo sichingatsegule. Nyumba zambiri ndi mahotela anazitchinga ndi mipanda yamagetsi. Kuyambira 2021 lamulo limalola gulu la m'deralo, lotsogoleredwa ndi meya, kuthamangitsa, kusamutsa kapena kupha chimbalangondo chomwe chalowa m'tawuni. Anthu amachenjezedwanso pafoni kudzera mu RO-Alert. Madandaulo a katundu wowonongeka anachepa kwambiri chitadutsa chaka cha 2021.

Mkangano wa m'dziko lonse

Mu Julaye 2024 mtsikana wazaka 19 anaphedwa akukwera mapiri a Bucegi. Patangopita masiku ochepa nyumba ya malamulo inavomereza kupha zimbalangondo 481 chaka chimenecho, pomwe chaka chapambuyo chiwerengero chinali 220. Oteteza nyama anatsutsa, ponena kuti alenje amakonda zamphongo zikuluzikulu za mkati mwa nkhalango, osati zomwe zinazolowera mabini. Mfundoyi ndi yomveka, ngakhale siyitonthoza mbusa yemwe nkhosa zake zajiwa. Vuto lina ndi ndalama: kutchinga katawuni ngati Băile Tușnad n'kotheka, koma mzinda ngati Brașov, womwe mbali zake zina zagundana ndi nkhalango, ndi waukulu kwambiri.