Kufuna kutukuka sikuti mpaka uchoke ku Mzuzu

Mwana akakhoza bwino mayeso a MSCE ku Mzuzu, achibale amayamba kumufunsa kuti alowera kuti, ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni. Wotsala m'tauni muno n'kumapala matabwa ku Luwinga kapena kuwotcherera zitsulo ku Chibavi timamuyesa wopanda masomphenya. Maganizowa anachokera kutali. M'nthawi ya atsamunda amuna a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ndipo wobwerako ndi njinga ndi suti ndiye ankapatsidwa ulemu pamudzi. Ine ndikuona kuti muyeso umenewu ukutilanda achinyamata amene akanamanga mzinda uno, chifukwa tawaphunzitsa kuti kukula n'kusamuka, pamene kukula kwenikweni n'kudziwa ntchito imodzi mozama mpaka anthu azikufunafuna.

Chigawo cha kumpoto chimanyadira maphunziro, ndipo chimayenera kutero. Koma Robert Laws atakhazikitsa sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, ophunzira ankawerenga mabuku komanso kuphunzira ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusindikiza. Ife tinatola mbali ya satifiketi n'kusiya ya manja. Taonaninso khofi, amene wanyamula dzina la Mzuzu kukafika nalo kumisika ya kunja. Mbande ya khofi imatenga zaka pafupifupi zitatu isanayambe kubereka, choncho mlimi wa ku Misuku kapena ku Phoka amagwira ntchito nyengo zingapo asanaone tambala. Alimi ang'onoang'onowa anagwirizana mpaka kupanga Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union mu 2007, ndipo chimene amagulitsa ndi luso lothyola zakupsa zokha, kutsuka ndi kuyanika bwino. Palibe amene anganene kuti anthu otere alibe khumbo lotukuka.

Ena anena kuti n'kosavuta kulalikira za luso kwa munthu wopanda mpamba. Akunena zoona. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zochokera kunja zinakwera mtengo, ndipo wowotcherera sangagwire ntchito magetsi akazima. N'zoonanso kuti ndalama za ku Joni zafolera malata nyumba zambiri ku Mzimba, ndipo sindinganyoze munthu amene wapita kukadyetsa banja lake. Komabe mu 2008 ndi mu 2015 Amalawi ambiri anabwera pa mabasi kuchokera ku Joni kuthawa zipolowe zolimbana ndi alendo, ena atasiya katundu yense. Amene anali mmisiri anabwera ndi luso lake n'kuyambiranso, pamene wodalira maganyu anafika kwawo alibe poyambira.

Vuto la mpamba likutiuza kuti udindo suli pa achinyamata okha. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, imalandira ndalama zochokera kwa olemba anthu ntchito kuti iphunzitsire amisiri, ndipo Mzuzu Technical College imatulutsa ophunzira chaka ndi chaka. Akatuluka amafuna msika. Khonsolo ya mzinda, Mzuzu University, zipatala ndi sukulu zimagula madesiki, mabedi ndi mafelemu a mawindo. Zikamapereka ntchito zimenezi kwa amisiri a konkuno n'kumawalipira pa nthawi yake, mnyamata wa ku Chiputula adzatha kugula makina ake, kenako n'kulemba anzake awiri ntchito.