Fallout 3 m'maso mwa mwana wa m'chigwa cha Shire

Masewero apakompyuta a Fallout 3, omwe kampani ya Bethesda idatulutsa mu 2008, amatitengera ku Washington m'chaka cha 2277, patatha zaka 200 chichitikireni nkhondo ya mabomba a nyukiliya. Wosewera amasanduka wachinyamata wofunafuna bambo ake, katswiri yemwe akuyesetsa kuyeretsa madzi a m'deralo.

Mphamvu ya masewerowa yagona pamadzipo. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje, amene mijigo yathu ina imatulutsa madzi amchere, ndiponso tidaona namondwe wa Freddy akuipitsa zitsime mu 2023, nkhaniyi sitiimva ngati yachilendo. Wosewera akakumana ndi munthu waludzu wopempha madzi, amasankha yekha kumupatsa botolo lake kapena kumulambalala. Chisankho chotere chimakhudza mtima kuposa kungowerenga.

Komabe zofooka zilipo. Choyamba, mavuto ambiri amathetsedwa ndi mfuti ya munthu mmodzi, pomwe kwathu madzi akasefukira timapulumuka ndi bwato la mnansi komanso uthenga wa amfumu. Chachiwiri, anthu a m'masewerowa amayankhulabe Chingerezi cha lero, ngati kuti dziko silidagwedezeke. Chiyankhulo sichiima malo amodzi chomwecho. Pamsika wa Bangula pokha, Chisena ndi Chimang'anja zimabwerekana mawu tsiku ndi tsiku. Nanga pakadutsa mibadwo ingapo anthu akukhala motalikirana?

Choncho, masewerowa ngoyenera kuwaunika m'kalasi monga timachitira ndi nkhani zopeka. Olemba ake ludzu adalimvetsa bwino, koma mudzi ndi chiyankhulo chake adaziphonya.