Masewera ochotsa ukalamba akunamiza achinyamata

Ku America kuli masewera otchedwa Dungeons & Dragons amene Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa m'chaka cha 1974. Anthu angapo amakhala mozungulira tebulo, mmodzi n'kumasimba nthano, enawo aliyense ali ndi munthu wake wa m'nthanomo amene akumuyankhulira: wina msilikali, wina wamatsenga, wina mbala. Kusiyana kwake ndi nthano za pamoto n'kwakuti omvera sangoyankha kuti "tili tonse". Iwo amasankha zoti munthu wawo achite, ndipo madayisi ndi amene amagamula ngati zatheka kapena zakanika. Mphamvu, changu, thanzi, luntha, nzeru ndi chikoka cha munthu aliyense zimalembedwa papepala ndi manambala.

Chimene chabweretsa masewerawa pa tsamba lino ndi nkhani ya ukalamba. Kale malamulo ake ankavomereza kuti munthu amakalamba. Buku la malamulo la mu 1979 lidali ndi ndandanda ya misinkhu, kuyambira wachinyamata mpaka nkhalamba yotheratu, ndipo matsenga ena, monga opatsa munthu liwiro, ankadya chaka chimodzi cha moyo wa wowalandira.

Malamulo a mu 2003 adalongosola bwino lomwe. Munthu akakwana zaka 35 ankataya mfundo imodzi pa mphamvu, pa changu ndi pa thanzi. Pa zaka 53 ankataya ziwiri, pa zaka 70 zitatu. Pa msinkhu uliwonse mwa itatuyi ankapindula mfundo imodzi pa luntha, pa nzeru ndi pa chikoka. Akafika zaka 70, wosimba nthano ankaponya madayisi mwachinsinsi kuti adziwe chaka cha imfa ya munthuyo, pakati pa 72 ndi 110, mwini wake osauzidwa. Mitundu ina ya m'nthano inkachedwa kukalamba: otchedwa elf ankayamba kufooka pa zaka 175.

Koma malamulo a mu 2014 alibe zonsezi. Amangotchula kuti elf akhoza kukhala zaka 750, koma msilikali wa zaka 80 amatha kumenya nkhondo ngati mnyamata wa zaka 20. Opanga masewerawa adalakwa pamenepa.

Sikuti malamulo akalewo adali opanda banga. Ankalanda nkhalamba mfundo zisanu ndi imodzi za thupi n'kuibwezera zitatu zokha za m'mutu, moti wosewera wofuna kupambana ndi lupanga sankafuna kumva za imvi. Wamatsenga ndiye ankapindula, popeza ntchito yake ndi ya luntha. Padalinso choseketsa: kuona ndi kumva zinkawerengedwa kuchokera pa nzeru, choncho munthu akamakalamba maso ndi makutu ake zinkakhala zakuthwa kuposa kale. Aliyense amene adasamalirapo agogo ake akudziwa kuti zimenezo n'zabodza. Komanso nzeru zinkabwera zokha ndi zaka, chonsecho imvi zimamera ngakhale pamutu pa chitsiru.

Omwe amagwirizana ndi kuchotsaku amati masewera ndi osangalatsa basi, ndipo nthano zambiri zimatha munthu wake asanakwanitse n'chaka chomwe, ndiye kuwerengera ukalamba n'kutaya nthawi. Ena amati si bwino kulanga wosewera chifukwa wasankha kukhala nkhalamba. Mfundozi n'zomveka, koma nyumba ikadontha anthu amafolera denga, sagwetsa zipupa. Chofunika chidali kukonza ndandandayo: maso azifooka, miyendo izilemera, koma wokalamba azipindula ndi zimene adaona, njira zimene adayenda, zilankhulo zimene adaphunzira ndi anthu amene amamulemekeza.

Phindu la malamulo akale lidali lakuti gulu linkakakamizika kudalirana. Nkhalamba sinkatha kusenza katundu kapena kulumpha mtsinje, motero anyamata ankayenera kuidikira ndi kuiteteza. Nawo anyamatawo akafika pabwalo la mfumu yachilendo ankafuna pakamwa pa nkhalambayo kuti mlandu uwakomere. Anthu a m'midzi sangadabwe nazo zimenezi, pakuti amadziwa kale kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mkulu amene walephera khasu ndi yemweyo amene amadziwa malire a minda ndi mbiri ya ukwati uliwonse.

Wachinyamata amene amasewera nthano yopanda ukalamba amaphunzira kuti munthu ndi wofunika pokhapokha akhale ndi nyonga, ndi kuti nkhalamba yabwino ndi imene ikuchita ngati mnyamata. Phunziro limeneli ndi loipa ngakhale libwere kudzera m'madayisi. Mwayi ulipo, chifukwa masewerawa amalola gulu lililonse kuika malamulo akeake patebulo pawo. Osewera abwezeretse ukalamba, ndipo aubwezeretse ndi ulemu wake womwe.