Mnyamata yemwe anabwerera m'galimoto opanda miyendo

Lamulungu lapitali ndinakhala pa malo ena omwera ndikuonera mpikisano wa Formula 1, anzanga akundiseka kuti ndikutaya nthawi ndi magalimoto ongozungulira malo amodzi pomwe mpira uli pa tchanelo china. Oscar Piastri wa McLaren atangoonekera, maganizo anga anathawira kwa mnyamata wina amene ankapikisana naye zaka zapitazo, Billy Monger wa ku England.

Kwa inu amene simutsatira masewerawa, Formula 1 saifika modumpha. Mwana amayambira pa tingolo ta injini totchedwa kart, kenako amakwera Formula 4, Formula 3, Formula 2. Onsewa ndi magalimoto a mpando umodzi, matayala ali pamtunda, woyendetsa atagona chagada ngati ali m'bafa. Pamwamba penipenipo mipando ndi pafupifupi 20 yokha padziko lonse, ndipo pa makwerero apansiwa banja la mwana kapena omuthandiza ndi amene amalipira timu.

M'chaka cha 2017 Piastri ndi Monger onse anali mu British Formula 4. Pa 16 Epulo, pa bwalo la Donington Park, Monger, yemwe anali ndi zaka 17, anatuluka kumbuyo kwa magalimoto anzake ali pa liwiro la makilomita pafupifupi 190 pa ola, n'kupeza galimoto ya Patrik Pasma wa ku Finland itaima pakati pa njira. Analibe nthawi ngakhale yoponda buleki. Kanema wa ngoziyi ndinaonera kamodzi, sindinafunenso kumubwereza. Anthu opulumutsa anatenga ola ndi theka kuti amutulutse, ndipo ku chipatala ku Nottingham madokotala anamudula miyendo yonse iwiri, wina pamwamba pa bondo, wina m'munsi mwake.

Anthu anasonkha ndalama pa intaneti, zoposa £500,000 m'tsiku limodzi lokha. Lewis Hamilton anamuitana ku Silverstone ngati mlendo wake. Zonsezo n'zabwino, koma chimene chimandigwira mtima ine ndi nkhondo imene inabwera pambuyo pake, ya m'maofesi. Bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse la FIA linali ndi lamulo loletsa anthu olumala kupikisana m'magalimoto a mpando umodzi pa mipikisano yapadziko lonse. Palibe amene ankafunsa ngati munthuyo angathe kapena ayi, chitseko chinali chotseka basi. Monger ndi banja lake anakakamira mpaka mu Disembala 2017 lamulolo linachotsedwa, bola woyendetsayo aonetse kuti angathe kudzitulutsa msanga m'galimoto pakagwa ngozi.

Timu ya Carlin inamukonzera galimoto yakeyake. Mafuta ankawonjezera ndi dzanja pa chiwongolero, buleki anaikweza m'mwamba kuti aziiponda ndi mwendo wamanja wotsalawo. Kumbukirani kuti buleki ya magalimoto amenewa ndi yolimba, imafuna mphamvu ya ntchafu yonse, osati kukhudza pang'ono ngati ya minibasi. Mu Malichi 2018, chaka chisanathe chichitikire ngoziyo, anathamanga mpikisano wake woyamba wa British Formula 3 ku Oulton Park n'kumaliza wachitatu. Chaka chonsecho anathera pa nambala 6.

Tsiku lake lalikulu linafika mu Meyi 2019 ku Pau, mzinda wa ku France kumene amathamangira m'misewu ya m'tauni yopanikizana. Kunagwa mvula, iye n'kusintha matayala kuika a pamadzi mpikisano usanayambe bwino, zimene zinamuponya kumbuyo. Anawadutsa mmodzimmodzi mpaka anapambana Pau Grand Prix. Mu ligi imeneyo chaka chomwecho munali Yuki Tsunoda ndi Liam Lawson, omwe pambuyo pake onse anafika ku Formula 1.

Monger sanafikeko. Ena amafulumira kunena kuti miyendo ndiyo inamulepheretsa, ine ndimakayika. Taonani Jamie Caroline, amene anatenga chikho cha British Formula 4 cha 2017 chomwecho, kumugonjetsa Piastri amene anakhala wachiwiri. Miyendo ali nayo yonse iwiri, luso analionetsa poyera, koma ku Formula 1 sanapondeko. Piastri anapeza omuthandiza, anatenga chikho cha Formula 3 mu 2020, cha Formula 2 mu 2021, ndipo ngakhale iyeyo anadikira chaka chathunthu pa benchi asanapatsidwe mpando ku McLaren mu 2023. Sitepe iliyonse ya makwererowa imadula kuposa yapansi pake, ndipo ambiri amatsikira pakati chifukwa thumba lauma. Anthu amene anasonkhera Monger ali m'chipatala sakanatha kumulipirira chaka ndi chaka.

Ndikuvomereza kuti sindinganene motsimikiza kuti akanakhala katswiri wa dziko lonse ngoziyo ikanapanda kuchitika. Asanavulale anali mnyamata wothamanga bwino pakati pa ena ambiri othamanga bwino. Chimene anachita n'chakuti lamulo lija kulibenso, ndipo mwana wolumala amene ali pa kart lero sadzauzidwa kuti abwerere asanayesedwe n'komwe.

Masiku ano Monger amafotokozera mipikisano ya Formula 1 pa Channel 4 ku Britain, maikolofoni m'manja, nthawi zina akufunsa mafunso anyamata omwe ankapikisana nawo. Mu Okutobala 2024 anapita ku Kona, ku Hawaii, kukachita Ironman: kusambira makilomita 3.8, kupalasa njinga makilomita 180, kenako kuthamanga makilomita 42 pa miyendo yoikirira. Anamaliza m'maola 14 ndi mphindi 23, kuposa wina aliyense wodulidwa miyendo iwiri amene anayesapo pamalopo. Nditawauza anzanga aja zimenezi anangoti "Aaa, bodza," kenako anatenga rimoti n'kubwezera ku mpira.