Kugula fuleti ku Dubai si kugula Dubai

Tsegulani Facebook kapena TikTok masiku ano, simudzapita patali musanakumane na mnyamata wovala suti ataimilila pa khonde la nyumba yaitali, kumbuyo kwake kuli nyanja, akukuuzani kuti na imwe mungakhale na fuleti ku Dubai. Akuti lipilani kocepa cabe, zotsala muzipeleka mwezi na mwezi. Apamwamba ena anagula kale, ndipo manje acinyamata amene angoyamba kugwilako ndalama za matenda a boma kapena za mashopu a ku Kamwala ayamba kuona monga munthu amene alibe adilesi ya kunja sanafike. Ine nikuti ambili a iwo asankha malo poona cithunzi cabe.

Ku Dubai alendo anayamba kuloledwa kugula nyumba mu 2002, m'madela osankhidwa cabe. Izo n'zoona. Cimene wa suti uja amanena mofulumila n'cakuti pepala la nyumba na cilolezo cokhala m'dziko ni zinthu ziwili zosiyana. Viza ya zaka 10 imene amaichula kuti golden visa imafuna nyumba ya madirham 2 miliyoni, kutanthauza madola oposa 500,000. Kafuleti ka cipinda cimodzi kamene akukunyengelelani nako sikafika pamenepo. Ndipo olo mukhale na viza imeneyo, simunakhale nzika. Mukali mlendo, ndipo malamulo a alendo amasintha eni dziko akafuna. Portugal inacotsa njila yopezela viza pogula nyumba mu 2023, Spain nayo inatseka yake mu 2025. Palibe amene anafunsa ogula maganizo awo.

Koma cimene cimanikwiyitsa kwambili ni nkhani ya "mwezi na mwezi". Ndalama ya ku Dubai inamangililidwa ku dola, madirham 3.67 pa dola imodzi, ndipo yakhala conco kwa zaka zambili. Imwe mumalandila makwaca. Mu 2013, pamene tinacotsa maziro, dola imodzi inali pafupifupi K5. Kuciyambi kwa 2025 inali cha m'ma K28. Inde, pambuyo pake kwaca inapezako mphamvu, koma ndani wa ise angalumbile mmene idzakhalile pa zaka zisanu zolipila? Dziko lathu lenilenilo, na akatswili ake onse a zacuma, linalephela kulipila nkhongole ya madola mu November 2020. Lomba iwe wa shopu imodzi ndiwe udzakwanitsa zimene boma inalephela? Ukaleka kulipila pakati, lamulo la kumeneko limalola kampani yomanga kusunga gawo la ndalama, nthawi zina kufika pa 40 pelesenti ya mtengo wa nyumba. Kaloba wa m'komboni amacitako manyazi.

Onjezani 4 pelesenti yolembetsa nyumba na ndalama zosamalila cinyumba conse zimene mumalipila caka ciliconse, mugonemo kapena ayi. Amati mitengo ya kumeneko imangokwela. Mu 2009 inagwa pafupifupi na hafu, ndipo nyumba zambili zimene anthu analipilila zikali pa pepala zinaima osamalizidwa.

Ena amati ndiye tiyeni ku Joni, pafupi, basi imafika. Kumeneko n'kwanzeluko, koma musanamizidwe. Mlendo angagule nyumba ku South Africa, koma ngati sakhala kumeneko banki imamubweleka hafu cabe ya mtengo, ndipo nyumbayo siimupatsa ufulu wokhala. Pasipoti ya Zambia imakupatsani masiku 90, akatha mupakile zola. Mukaikamo munthu wa lendi n'kuleka kulipila, simungamucotse na mau a pa foni monga amacitila malandilodi a ku Chawama. Lamulo lawo la 1998 limafuna kuti mupite ku khoti, ndipo imwe muli ku Lusaka. Tisaiwalenso September 2019, pamene alendo anali kumenyedwa ku Johannesburg mpaka FAZ inakana maseŵela na Bafana Bafana. Amene anali kuthyola mashopu sanali kufunsa ngati mwini wake ali na title deed.

Sinikunena kuti kugula kunja ni ucimo. Nesi wa ku Manchester amene amalandila mapaundi, mayi wa malonda amene amagona ku Johannesburg mlungu umodzi mwezi uliwonse, kholo limene lili na ana aŵili pa yunivesiti ku Pretoria, anthu amenewa ali na cifukwa. Malo anawasankhila ni umoyo wawo: amapitako kale, amadziŵa msewu umene ungayende usiku na umene sungayende, ali na m'bale amene angapite kukaona ngati paipi yaphulika. Ndalama imene amalipilila nyumba ni imene amapeza kumeneko. Munthu wotelo akagula, ine nilibe naye mau.

Mkangano wanga uli na uja amene sanagonepo mwezi wathunthu mumzinda umene afuna kugulamo. Sanaone Dubai mu July, pamene kutentha kumapitilila madigili 40 ndipo munthu sungayende pansi masana. Sadziŵa mtengo wa tiketi ya ndeke yopita kukakangana na ejenti amene waleka kuyankha WhatsApp. Plot yake ya ku Chongwe ikali na slab cabe, udzu unamela pamwamba, koma akuŵelenga madirham.

Wa suti uja akakutumilani meseji, mufunseni kuti pa fuleti imodzi amadyapo zingati, komanso ngati iye mwini anagulako imodzi na makwaca.