Kodi Mwanayo Wakhoza Chiyani?

Chaka ndi chaka, bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, nthungululu zimamveka kuyambira ku Chipoka, kudzera ku Senga Bay, mpaka ku minda ya mpunga ya ku Lifuwu, ndipo akuluakulu a maphunziro amaima pamaso pa atolankhani n'kulengeza mokondwa kuti mwa ana 100 aliwonse amene adalemba, oposa 80 akhoza. Koma ife amene takalambira m'mphepete mwa nyanja ino, tikuwerengera anansi makalata ndi mapepala a kuchipatala ngakhale m'nyumba zawo muli ana a sukulu, tikupempha mwaulemu wonse, popanda kunyoza thukuta la mwana wa munthu, kuti atiuze chimene anawo akhoza.

Pakuti m'zaka za 2019 ndi 2020 a National Statistical Office adayenda m'makomo osankhidwa m'dziko lonse kuyesa ana a zaka 7 mpaka 14, ndipo adapeza kuti mwa ana 100, amene adatha kuwerenga kankhani kakafupi n'kuyankha mafunso ake adali 19 okha, pamene odziwa masamu oyambira adali 13. Wina adzati ambiri mwa anawo adali asanafike Sitandade 8, ndiponso kuti ofooka amatsalira panjira mayeso asanafike. Zimenezo n'zoona, koma sizitonthoza mtima, popeza zikungoulula kuti chiwerengero chokomacho timachipeza titataya kale khamu la ana panjira. Ndipo ngakhale iwo amene adakhoza, nasankhidwa kupita ku sekondale, akafika pa mayeso a MSCE patapita zaka zinayi, pafupifupi theka la olemba limabwerera chimanjamanja. Chikomekome cha mkuyu, adatero makolo, m'kati muli nyerere.

Aliyense amene adagulako usipa padoko m'mamawa, alovi atangokocheza ndi chilimira chawo, akudziwa kuti malonda onse amayenda ndi chigoba. Akudziwanso kuti alipo amalonda ena amene amachiphwanya pansi chigobacho kuti chilowe m'kati, kotero kuti usipa umaoneka wodzaza mpaka kusefukira, mwini ndalama nachoka akumwetulira, koma akafika pathandala kuti ayanike, amaona kuti nsombazo sizikukwana pamene zimakwana kale. Malikisi a mwana ndi chigoba cha nzeru zake. Mphunzitsi akalemba 70 papepala la mwana amene sangalembe kalata ya mizere isanu yopempha ntchito, waphwanya muyeso pansi, ndipo woberedwa ndi mwanayo, amene adzazindikira kuperewerako tsiku limene adzakhale pamaso pa bwana, kapena m'kalasi ya ku Salima Technical College, palibenso womuchitira chifundo.

Sindikuimba mlandu aphunzitsi okha, pakuti mizu ya nkhaniyi ndi yakuya. M'chaka cha 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana adakhamukira kusukulu mwakuti chiwerengero chawo, chimene chidali chosakwana 2 miliyoni, chidafika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ndipo posowa pogwira, boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchitoyo, n'kuwaimika patsinde pa mitengo kuti aphunzitse. Patapita zaka zinayi, malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa masekondale a CDSS, ambiri opanda laibulale, opanda labotale, ndiponso ophunzitsidwa ndi aphunzitsi amene adasulidwira ku pulayimale. Chitseko chidatsegulidwa, ndipo chidayenera kutsegulidwa, koma nyumbayo sidakulitsidwe. Mphunzitsi amene wapatsidwa ana oposa 100 m'Sitandade 1 sangamve mwana aliyense akuwerenga. Chimene angathe ndicho kuwaimbitsa ma a, e, i, o, u onse pamodzi, ndipo pakutha kwa chaka, poona kuti ena 100 ali pakhomo kudikira malo, amawakankhira kutsogolo amene akanayenera kukhala nawo pang'ono.

Pano ndisiyane pang'ono ndi madala anzanga amene amakonda kunena pabwalo kuti wa Sitandade 6 wa nthawi ya atsamunda ankaposa wa Fomu 4 wa lero. Mwina ankamuposadi pa kulemba mwaukhondo ndi pa Chingerezi. Koma tisaiwale kuti m'mudzi wonse ofika kumeneko ankakhala mmodzi kapena awiri, atsikana ali kumtondo, anyamata ali kumakoka. Kubwerera kumeneko sindikufuna, ndipo woti tibwerereko ayambe wasankha mwa adzukulu ake amene atsale pakhomo.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti tonse tagwirizana kukonda nambala kuposa nzeru. Kholo likalandira lipoti silifunsa chimene mwana waphunzira, limafunsa kuti wakhala nambala chiyani. Sukulu zoyendetsedwa ndi eni ake zimalengeza mapointi a ana awo ochepa ochita bwino monga wamalonda aonetsera chambo chachikulu pamwamba pa dengu, osatchula amene adagwa. Ana amaloweza mayankho a mayeso a zaka zapita mpaka usiku, ena amabwereza Sitandade 8 kawiri katatu kufuna kusankhidwa, ndipo mawu akuti likasa, otanthauza kubera mayeso, adalowa m'chilankhulo chathu ngati kuti ndi chida cha kusukulu chofanana ndi cholembera. Mapeto ake tidawaona mu Novembala 2020, pamene mapepala a MSCE adabedwa n'kumayenda pa mafoni, boma n'kuimitsa mayeso onse, ana osalakwa n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Nawo mayeso a JCE, amene ankathandiza kuona pakatikati pa ulendo ngati mwana akuyenda kapena akungokokedwa, boma lidalengeza mu 2015 kuti likuwathetsa pofuna kupulumutsa ndalama, kenaka adabwezeretsedwa mu 2021. Ndipo dziko limene limachotsa ndi kubwezera muyeso wake chotero lisadabwe anthu akayamba kuukayikira.

Mankhwala ake si kulepheretsa ana ambiri kuti satifiketi ikwere mtengo, ayi. Ndi kuyesa moona pamene kuongola kukadali kotheka, m'Sitandade 2, 3 ndi 4, mwana aliyense payekha, buku lili m'manja, mphunzitsi akumvetsera, ndipo zopezekazo zinenedwe poyera pamsonkhano wa makolo monga zilili. Kuno ku Salima tili ndi umboni wakuti mudzi ukatsimikiza umasunga lamulo lowawa: mfumu yaikulu Makanjira imatseka chilumba cha Mbenji miyezi ya dzinja chaka chilichonse, ndipo asodzi, ngakhale njala iwapweteke, amamvera. Mafumu amene ali ndi mphamvu yotere ali nayonso mphamvu yoletsa eni zombo kulemba ana a sukulu ntchito ya usiku panyanja, ndi yofunsa ahedi chifukwa chake mwana wa Sitandade 5 sadziwa kulemba dzina la mudzi wake.

Inu makolo anzanga, teremu ino ikatha, lipoti mulilandire ndi manja awiri, muthokoze aphunzitsi. Koma musanaphe nkhuku, muitaneni mwanayo pakhonde, mumupatse Baibulo, Korani yomasuliridwa m'Chichewa, kapena pepala la malangizo a feteleza, awerenge mokweza, kenaka akufotokozereni m'mawu akeake zimene wawerengazo. Akalephera musamumenye, mawa lake mupite naye limodzi kusukulu, mukafunse kumene malikisiwo adachokera.